Mmisiri wa Kompyuta Ayesedwe Monga Mmalinyero wa pa Monkey Bay

Masiku ano pafupifupi nchito iriyonse ya Boma imadutsa m'makina a kompyuta. Malipiro a mphunzitsi wa kwa Nankumba amawerengedwa m'makina. Dzina la wodwala wolandira mankhwala pa chipatala limasungidwa m'makina. Ndipo pasipoti siituluka makinawo akadwala, monga dziko lonse linaonera kumayambiriro kwa chaka cha 2024, pamene kusindikiza mapasipoti kunaima kwa masabata ambiri. Makina amenewa amachita zimene munthu wawalembera m'malangizo otchedwa mapulogalamu, ndipo munthuyo akalakwa pa mzere umodzi, cholakwacho chimafika m'thumba mwa anthu zikwi zambiri amene sanamuonepo nkhope. Nchifukwa chake funso lakuti Boma, makampani ndi masukulu angadziwe bwanji kuti uje ndi mmisiri weniweni wa mapulogalamu siliri funso laling'ono, ngakhale ambiri amaliyesa nkhani ya achinyamata a m'tauni okhaokha.

Njira zimene anthu akukanganirana ziri ziwiri. Ena akuti munthu akhale pansi m'chipinda, apatsidwe mafunso, ayankhe kwa maora awiri kapena atatu, ndipo malikisi ake ndiwo anene ngati aidziwa nchito. Ena akuti iai, aonetse buku la nchito zimene wagwira tsiku ndi tsiku, pamodzi ndi zimene analakwa nazikonza. Mkanganowu ukuoneka watsopano chifukwa kompyuta nayo ndi yatsopano, koma anthu a pa doko la Monkey Bay, limene eni dera amalitcha Lusumbwe, anakumana nao kale kompyuta isanafike m'dziko muno.

Chimene amalinyero adziwa

Pa doko limeneli mpamene sitima ya Ilala inalumikizidwa. Inapangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Scotland m'chaka cha 1949, inabwera zidutswazidutswa kudzera ku Beira, ndipo inayamba kuyenda pa nyanja m'chaka cha 1951. Kwa zaka zoposa 70 yanyamula anthu, matumba a ufa, usipa, njinga ndi mbuzi kuchokera pa Monkey Bay kupita kumpoto, kudzera ku Nkhotakota, Likoma ndi Nkhata Bay kufikira ku Chilumba. Sitima imene inaitsogolera, ya Vipya, inamira pa mkuntho kufupi ndi Chilumba mu Julaye 1946, ndipo anthu 145 anatsikira nayo pansi pa nyanja. Munthu wokhala pa doko la mbiri yotere safunika kuuzidwa kuti chiwongolero cha sitima sichiperekedwa kwa munthu chifukwa chokha chakuti walemba bwino pa pepala.

Pa Monkey Bay pomwepo pali sukulu ya Boma yophunzitsa amalinyero, ya Marine Training College. Za mapu, za kampasi, za injini ndi za malamulo opewera kugundana kwa zombo ziphunziridwa m'kalasi, ndipo ziri ndi mayeso ake. Koma m'nchito ya pa madzi, kulikonse m'dziko lapansi, kalasi ndi theka chabe la maphunziro. Pangano la maiko lotchedwa STCW, limene linavomerezedwa ku London m'chaka cha 1978 ndi kukonzedwanso mu 1995 ndi mu 2010, lanena bwino za munthu wofuna kukhala mkulu wolondera ulendo wa sitima yaikulu ya pa nyanja yamchere. Munthuyo ayenera kukhala m'sitima miyezi 12, ndipo nchito zimene waphunzira zilembedwe m'buku lovomerezeka, losainidwa ndi akulu amene anamuona akuzigwira. Miyezi isanu ndi umodzi ayenera kulondera pa malo oyendetsera sitima, pamaso pa kaputeni kapena mkulu wina wa setifiketi. Koma ngati sanatsate maphunziro a buku lotero, pangano lomwelo limfuna akhale m'sitima miyezi 36.

Owerenga aone bwino kusiyana kwa manambala awiriwa. Chaka chimodzi cholembedwa ndi kuchitiridwa umboni chawerengedwa cholingana ndi zaka zitatu zongokhala m'sitima popanda wina wolemba. Ndiponso buku likadzaza, mayeso sathawika ai. Ku Britain wofuna setifiketi amakhala pamaso pa woyesa amene mwini wake anayendapo pa nyanja, ndipo woyesayo amamfunsa pakamwa chimene angachite nkhungu itatseka njira, kapena moto utabuka m'chipinda cha injini. Wodziwa za m'buku zokha amagwidwa pa funso lachitatu. Nzoona kuti panganoli ndi la nyanja zamchere, ndipo nyanja ya Malawi iri ndi malamulo akeake. Koma mwera ukaomba mu Juni ndi Julaye, mafunde ake safunsa ngati madziwo ali ndi mchere kapena alibe.

Ngakhale asodzi a chilimira a ku Msaka ndi ku Chembe, amene alibe buku kapena cholembera, amatsata nzeru yomweyo. Mwini ukonde sapereka nyali kwa siginala chifukwa cha kulankhula bwino pa gombe. Amayamba wafunsa kuti munthuyu anayenda ndi gulu la yani, ndi kuti mabwato amene anawatsogolera anabwera ndi usipa wotani. Buku la siginala liri m'mitu ya anzake amene anagona naye pa madzi.

Aphunzitsi sayenera kudabwa ndi zimenezi, pakuti iwonso anadzera njira yomweyi. Palibe amene amatuluka ku koleji ya uphunzitsi ndi mayeso okha. Amatumizidwa ku sukulu yeniyeni, ndipo omphunzitsa amamtsatira kukamuona ali pa bolodi, ana makumi asanu ndi atatu akumyang'ana. Atalembedwa nchito, sikimu yake ndi rekodi ya zimene waphunzitsa zimasainidwa ndi mphunzitsi wamkulu, ndipo mlangizi wa ku zoni akafika amayamba ndi kuitanitsa mabuku amenewo. Dalaivala wa galimoto ya Boma ali ndi logibuku yake. Wophunzira umisiri pansi pa bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la m'chaka cha 1999, amanyamula buku lake popita kukaphunzira nchito ku kampani. Motero buku la nchito si chinthu chachilendo m'dziko muno. Chachilendo nchakuti mmisiri wa mapulogalamu, amene nchito yake ikhudza anthu ochuluka koposa onsewa, kawirikawiri amalembedwa nchito poonetsa setifiketi ndi kuyankha mafunso kwa theka la ora, pamaso pa akuluakulu amene ena mwa iwo sanalembepo mzere umodzi wa pulogalamu.

Buku limene lidzilemba lokha

Chodabwitsa nchakuti mwa amisiri onse, wa mapulogalamu ndiye ali ndi buku losavuta kusunga. M'chaka cha 2005 Linus Torvalds, yemwe uja anayambitsa Linux, analemba chida chotchedwa Git. Mmisiri akasintha kanthu m'pulogalamu nakasunga, chidachi chimalemba dzina lake, tsiku ndi ora, mizere imene wachotsa, mizere imene waonjeza, ndi mau ake ofotokoza chifukwa chimene wasinthira. Pa malo osungira nchito zotere, monga GitHub amene anatsegulidwa mu 2008, mmisiri mnzake amawerenga kusinthako asanakuvomereze, nalemba pomwepo kuti apa mwakhoza, apa mwalakwa. Ndipo zonsezi zimatsala, zaka zingapite zingati. Munthu wodziwa kuwerenga buku lotere amaona zimene pepala la mayeso silingamuonetse: ngati mmisiriyo amatsiriza zimene wayamba, ngati amalandira chidzudzulo kapena amapsa mtima, ngati amabwerera kukakonza cholakwa chake patapita miyezi itatu, popanda womkakamiza, ndiponso ngati amalemba mwa njira yakuti wina adzamve iye atachoka.

Chotsirizachi ndicho chachikulu m'Boma, m'mene anthu amasamutsidwa, amapuma pa nchito, kapena amachoka ndalama za mabungwe othandiza zikatha. Mapulogalamu osunga mbiri ya odwala amene bungwe la Baobab Health linayamba pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe m'chaka cha 2001, amene pambuyo pake anafalikira m'zipatala zambiri zopereka ma ARV, adutsa m'manja mwa amisiri ambiri a Chimalawi. Oyamba anachoka, ena nalowa m'malo mwao. Nchito ya tsiku ndi tsiku ya mmisiri wolowa m'malo mwa mnzake siikhala kulemba chinthu chatsopano pa pepala loyera, monga mayeso afunira. Ikhala kuwerenga zimene wina analemba zaka zapitazo, kupeza pamene pavunda, ndi kukonzapo popanda kugwetsa nyumba yonse, pamene namwino akudikira ndipo odwala ali pa mzere panja. Luso limeneli siliyeseka m'maora atatu, pakuti chimene chiliyesa ndi nthawi.

Mayeso ali ndi matenda ena awiri. Oyamba aphunzitsi awadziwa koposa wina aliyense. Mu Novembala 2020 Boma linathetsa mayeso a MSCE atayamba kale, chifukwa mapepala anabedwa ndi kufalitsidwa, ndipo ana onse, olakwa ndi osalakwa omwe, analembanso mu Januwale 2021. Chinthu chimene chiweruza moyo wa munthu pa tsiku limodzi chimaitana mbala, pakuti wakuba pepala limodzi waba zaka zinai. Matenda achiwiri ndi atsopano. Kuyambira mu Novembala 2022, pamene ChatGPT inatulutsidwa, makina eni ake amayankha mwa kamphindi mafunso a mtundu umene kwa zaka zambiri unali kufunsidwa pa mayeso a mapulogalamu. Funso lakuti lembani pulogalamu yondandalika manambala kuyambira chaching'ono kufikira chachikulu tsopano liyesa chinthu chimene mwana aliyense wokhala ndi foni ndi bandulo angachipeze. Kampani imene ipatsa munthu funso lotere kuti akayankhire kunyumba siidziwanso kuti wayankha ndani.

Buku lopanda mboni

Koma amene akuti mayeso atayidwe, buku lokha likwanire, akuthamanga kwambiri, ndipo chaka cha 2024 chinawapatsa phunziro lowawa. Pali pulogalamu yaing'ono yotchedwa xz, yopanikiza mafayilo kuti achepe, imene iri m'makompyuta osawerengeka a Linux pa dziko lonse. Kuyambira m'chaka cha 2021 munthu wina wodzitcha Jia Tan anayamba kuthandiza pa pulogalamuyi. Anakonza zolakwa zenizeni, anayankha mwaulemu, anapirira miyezi yambiri, kufikira anakhulupiriridwa napatsidwa mphamvu yotulutsa pulogalamuyo kwa anthu. Buku lake linali loyera ndi lokongola. Atafika pamenepo anabisamo khomo lachinsinsi, loti alowere m'makompyuta a eni ake osadziwa. Chinaulula chiwembucho ndi tcheru cha mmisiri mmodzi, Andres Freund, amene mu Marichi 2024 anadabwa kuona kuti kulowa m'kompyuta yake kunachedwa ndi theka la sekondi, natsata chifukwa chake kufikira anachipeza. Akuluakulu ananena kale za chikomekome cha mkuyu. Buku la Jia Tan silinaname pa zimene analemba. Koma panalibe munthu ndi mmodzi yemwe amene anamuonapo maso ndi maso. Kaputeni wa sitima sasaina buku la munthu amene sanamuonepo.

Ogwira nchito m'Boma ali ndi chitsanzo chapafupi. Pa nkhani ya Cashgate ya m'chaka cha 2013, ofufuza a kampani ya Baker Tilly anapeza kuti malipiro achinyengo anali kulowetsedwa m'makina a IFMIS, macheke natuluka, kenaka zolembedwazo nkufufutidwa. Ndipo lipoti lao la mu 2014 linatchula ndalama zoposa K13 biliyoni m'miyezi isanu ndi umodzi yokha. Buku limene mwini wake ali ndi mphamvu yofufutamo siliri buku, liri bolodi. Git nayo iri ndi khomo lotere, pakuti dzina ndi tsiku zimene zilembedwa mmisiri angathe kuziika monga afunira, ngati bukulo lisungidwa ndi iye yekha.

Palinso chinyengo chaching'ono chimene sichifuna mbala yaikulu. Mkulu wa ofesi akanena kuti adzawerenga kuchuluka kwa zolembedwa m'buku, wochenjera amadula nchito imodzi m'zidutswa makumi awiri, ndipo wakhama amene anatha sabata yathunthu akufunafuna cholakwa chimodzi chobisika amaoneka waulesi, popeza pa sabata yonseyo walemba mzere umodzi. Mphunzitsi wamkulu aliyense anaonapo rekodi yodzazidwa usiku umodzi ndi inki imodzi, m'mawa mwake kukubwera mlangizi. Masiku ano makina omwe aja oyankha mayeso angathenso kudzaza buku.

Mwana wa ku Lusumbwe

Pali chinanso chimene oimira buku satchula kawirikawiri, ndicho chilungamo. Buku la nchito limafuna kuti munthu akhale ndi pogwirira nchito. Pa kalembera wa m'chaka cha 2018, nyumba zounikira ndi magetsi m'dziko muno zinali pafupifupi 11 pa 100 zirizonse. Mnyamata kapena mtsikana wa pa Monkey Bay amene anaphunzira kulemba mapulogalamu pa kompyuta yobwereka, akuchajitsa pa sitolo ndi kugula bandulo ndi ndalama za usipa wa amake, sangaonetse buku lolingana ndi la mwana wa ku Area 47 ku Lilongwe, amene wakhala ndi laputopu ndi intaneti kuyambira ali Fomu 1. Kuwaika pa mzere umodzi ndi kunena kuti wa buku lonenepa ndiye wapambana kuli kuyesa chuma cha makolo, osati mutu wa mwana. Mayeso, ndi matenda ake onse, ndiwo anatulutsa ana a asodzi m'midzi ya m'mbali mwa nyanja nawafikitsa ku makoleji a ku Zomba ndi ku Blantyre, pakuti pepala silifunsa kuti atate ako ndani.

Siginecha nayo ingasanduke chingwe. Kumene setifiketi ya munthu idalira dzanja la mkulu mmodzi, mkuluyo angathe kukana kusaina chifukwa cha chidani, kapena kusainira mphwake zimene sanagwire, kapena kufuna kwa mtsikana malipiro amene sanenedwa poyera. Ndiponso amisiri abwino ambiri amene agwira nchito m'mabanki ndi m'makampani a mafoni saloledwa kutulutsa kunja mzere ndi umodzi womwe wa zimene analemba, kotero kuti munthu wa zaka khumi pa nchito angaoneke wopanda buku konse.

Chimene chiyenera kuchitika

Pa zifukwa zimenezi mayeso olemba asachotsedwe, koma abwezedwe pa malo ake, ndiwo pa chipata. Akhale oyang'aniridwa, otsegukira aliyense, oyesa maziko okha: ngati munthu angathe kuganiza mwa dongosolo, kuwerenga pulogalamu yaifupi ndi kunena chimene ichita. Wakhoza alowe. Koma kukhazikitsidwa pa nchito, kukwezedwa pa udindo, ndi kupatsidwa makiyi a makina a malipiro kapena a chipatala, zidalire buku, monga chiwongolero cha sitima chidalira miyezi ya pa madzi. Boma liri kale ndi nthawi yoyesera munthu watsopano asanakhazikitsidwe. Chosowa nchakuti nthawi imeneyi kwa mmisiri wa mapulogalamu ikhale yolembedwa, yoonedwa ndi yosainidwa, osati yongodutsa kufikira kalata itafika.

Bukulo liyambe munthu akali pa sukulu, kuti wosauka asayambe wopanda kanthu. Ophunzira za kompyuta ku MUBAS, ku MUST, ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba, ku Yunivesite ya Mzuzu ndi ku NACIT amapatsidwa kale nchito zoti apange; nchito zimenezo zisungidwe mu Git kuyambira chaka choyamba, pa makina a sukulu, ndi chidzudzulo cha mphunzitsi pambali pake, kuti wotuluka anyamule setifiketi ndi buku pamodzi. Amene anadziphunzitsa okha, monga ali ambiri m'nchito imeneyi, atsegulidwe njira ya TEVETA yovomereza luso limene munthu analipeza kunja kwa kalasi. Ndipo m'Boma, pulogalamu iriyonse yolipiridwa ndi ndalama za msonkho, kaya yalembedwa ndi wa m'Boma kaya ndi kampani ya kontrakiti, isungidwe pa malo a Boma pamene wolembayo alibe mphamvu yofufuta, ndipo kusintha kulikonse kuvomerezedwe ndi munthu wachiwiri. Pamenepo buku la mmisiri ndi chitetezo cha chuma cha Boma zikhala chinthu chimodzi, ndipo kontrakiti ikatha Boma silitsala ndi makina amene palibe adziwa m'kati mwake.

Chovuta koposa, chimenenso chifuna ndalama, ndi mayeso a pakamwa. Buku lisawerengedwe masamba, lifunsidwe. Woyesa atsegule paliponse pamene afuna, aloze kusintha kumene munthuyo anachita miyezi isanu yapitayo, namfunse: munasinthiranji apa, munayesa njira yanji isanafike iyi, nanga magetsi akanazima pakati pa nchitoyi chikanaonongeka nchiyani? Amene anagwira nchitoyo ndi manja ake amakumbukira ngakhale usiku umene inamsowetsa tulo. Amene anaikopera kwa mnzake kapena kwa makina amayamba kuyang'ana kudenga. Wa ku banki, amene sangaonetse buku lake, apatsidwe pulogalamu yodwala aikonze pamaso pa oyesa, akufotokoza zimene akuchita. Oyesawo akhale awiri kapena atatu, mmodzi wa iwo wochokera kunja kwa ofesi ya woyesedwayo, kuti siginecha ya mkulu mmodzi isakhale mau otsiriza.

Bungwe la Civil Service Commission silingathe kuchita zimenezi lokha, pakuti kufunsa mmisiri kufuna mmisiri mnzake. Liyenera kubwereka oyesa ku mayunivesite, ku Dipatimenti ya E-Government, ndi kwa amisiri achikulire a m'bungwe la ICTAM, ndi kuwalipira nthawi yao monga MANEB ilipira aphunzitsi ochonga mayeso. Oyesawo asamangokhala ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Akhale ndi masiku odziwika pa boma la Mangochi ndi pa maboma ena, olengezedwa nthawi ikalipo, kuti mwana wa pa Monkey Bay akwere galimoto ya m'mawa, akafunsidwe za buku lake, nabwerere kwao tsiku lomwelo.